Intaneti yothamanga ikuchedweranji kufika kumudzi?

M'chaka cha 2020, boma litayambitsa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, makuponi apepala anasiyidwa. Mlimi ankangotenga chiphaso chake cha unzika, wogulitsa n'kuchijambula ndi foni, foniyo n'kufunsa kumakompyuta a boma ngati dzina lake lili m'kaundula. Cholinga chinali chabwino, poti makuponi aja ankabedwa ndi kugulitsidwa kwa mavenda. Koma m'madepoti ambiri akumidzi anthu ankaswera pamzere, ena mpaka kugona pomwepo, feteleza ali m'nyumba, ndalama zili kumpango, mvula ili pafupi. Chosowa chinali netiweki. Kuchokera nthawi imeneyo palibenso anganene kuti intaneti n'choseweretsa cha ana a m'tauni. Feteleza, ndalama za Mtukula Pakhomo m'maboma ena, mafomu ofunsira malo ku yunivesite, zonsezi zikudutsa njira yodalira netiweki, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi oposa 17.5 miliyoni, anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi.

Kukhala ndi netiweki yoimbira foni si kukhala ndi intaneti. Pamwamba pa foni, pafupi ndi timizere ta netiweki, pamaoneka kachilembo. Pakaoneka E ndiye kuti muli pa 2G: foni muimba, uthenga mutumiza, Airtel Money kapena TNM Mpamba itheka, koma chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chizungulira mpaka mutopa. Pakaoneka H kapena 3G zinthu zimasunthako. Pa 4G m'pamene mphunzitsi angaonetse ana kanema wa phunziro, namwino n'kutumiza chithunzi cha bala kwa dokotala wa kuboma, wophunzira n'kutsitsa buku lonse. TNM inayamba kuyesa 5G m'chaka cha 2023, koma izo n'za m'mizinda. Nkhani ya kumudzi ndi yakuti 4G ifike, ikafika izigwira usana ndi usiku, ndipo munthu wamba aikwanitse kulipira.

Kuti timvetse chomwe chimavuta, titsate ulendo wa uthenga. Mayi wa ku Kameme ku Chitipa akatumiza chithunzi kwa mwana wake ku Johannesburg, foni yake imalankhula ndi nsanja yapafupi kudzera m'mafunde a wailesi. Nsanjayo imapereka uthengawo ku nsanja ina, kapena kuulowetsa m'chingwe cha faiba, chomwe mkati mwake muli timaulusi tagalasi topyapyala kwambiri toyendamo kuwala. Chingwecho chimapita mumzinda, kuchoka apo n'kutuluka m'dziko kukalumikizana ndi zingwe zikuluzikulu zogona pansi pa nyanja yamchere. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yonse imadzera kwa anansi, monga momwe amadzerera mafuta agalimoto. Kale tinkadalira setilaiti, yomwe inali yodula komanso yochedwa. Zinthu zinasintha chingwe cha SEACOM chitayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi cha EASSy mu 2010, zonse zofika ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Kuchokera kumeneko zingwe zapamtunda zimalowa m'dziko muno kudzera ku Songwe, ku Mchinji ndi kumalire a Mozambique. Dziko lililonse lomwe chingwe chadutsa limadyapo, ndipo malipiro ake ndi madola. N'chifukwa chake mtengo wa intaneti kuno umayamba kale uli pamwamba isanafike n'komwe ku Lilongwe. N'chifukwa chakenso mu May 2024, zingwe ziwiri zija zitaduka pansi pa nyanja, intaneti inafooka m'maiko ambiri a kum'mawa kwa Africa, ife tili momwemo.

Mkati mwa dziko muno ntchito yoyala zingwe yachitika ndithu, ndipo n'kulakwa kunena kuti palibe chachitika. Kampani ya mafoni ya MTL inayala zake. Kampani ya SimbaNET, mothandizidwa ndi pulojekiti ya World Bank, inalumikiza Lilongwe ndi malire a Tanzania ndi Zambia. Boma linakongola ndalama ku China, Huawei n'kuyala chingwe cha dziko lonse cha makilomita oposa 1,000 chomwe gawo lake loyamba linatha mu 2018, chambiri choyenda pamwamba pa mapolo a magetsi a ESCOM. Lero malikulu a maboma ambiri ali pafupi ndi faiba.

Koma chingwe chimenechi chili ngati paipi yaikulu ya madzi yodutsa m'mphepete mwa mudzi popanda mpopi: madzi akuyenda pansi pa mapazi anu, inu mukukatunga kudambo. Faiba imatha kudutsa pamwamba penipeni pa sukulu ya pulaimale, sukuluyo osapindula kanthu, chifukwa kuti intaneti itsike pamenepo pafunika makina oitsitsira, magetsi oyendetsa makinawo, nyumba yowasungira, ndi wina wolipira mwezi ndi mwezi. Mtunda wovuta kwambiri paulendo wonsewu si wa pansi pa nyanja ayi. Ndi makilomita ochepa otsiriza aja, kuchoka pomwe pali chingwe kukafika m'manja mwa munthu.

Apa m'pamene pali nkhani ya nsanja, ndipo ndi nkhani ya masamu. Airtel ndi TNM ndi makampani ofuna phindu, ndipo asanamange nsanja amawerengera kaye. Mtengo womangira nsanja ku Ndirande ndi kumudzi wa ku Neno susiyana kwenikweni, kungoti ya kumudzi imadulako pang'ono, chifukwa zitsulo ziyenera kuyenda pamsewu wafumbi woti nthawi yadzinja lole sidutsa, komanso magetsi kulibe. Kusiyana kwakukulu kuli pa zolowa. Nsanja ya ku Ndirande imazunguliridwa ndi anthu zikwizikwi ogula mabandulo tsiku lililonse. Ya ku Neno imatumikira midzi yotalikirana, ya anthu omwe ndalama amaziona akakolola, ndipo ambiri amagula mayunitsi ochepa oimbira basi. Kampani ikaona kuti ndalama zake sizibwerera msanga, imapita kukawonjezera mphamvu komwe kuli kale makasitomala. Si nkhanza. Ndi momwe malonda amayendera, ndipo n'chifukwa chake kudikira kuti msika wokha udzafikitse 4G ku Nthalire kapena ku Makanjira n'kudikira chinthu chomwe sichibwera chokha.

Mtundu wa mafunde nawo uli ndi gawo lake. Mafunde otsika, a 700 kapena 800 MHz (muyezo wa mafunde a wailesi), amayenda mtunda wautali ndipo amalowa m'nyumba ndi m'mitengo mosavuta. Okwera, monga a 1800 kapena 2600 MHz, amanyamula zambiri koma safika patali. Kumudzi, komwe nyumba zili patalipatali, ofunika ndi otsikawo, chifukwa nsanja imodzi imakwanira dera lomwe pa mafunde okwera likanafuna nsanja zingapo. Mafunde amenewa kale ankagwiritsidwa ntchito ndi wailesi yakanema yachikale, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe dziko linasamukira ku makina atsopano a dijito, nthawi ya madikoda a Kiliye Kiliye ija, chinali kuwamasula. Amene amagawa mafundewa ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi. Boma likawagulitsa modula kuti lipeze ndalama zamsangamsanga, kampani imabweza ndalamazo kudzera pa mtengo wa bandulo. Likawapereka motsika koma n'kumangirirapo lamulo lakuti wolandirayo afike kumadera akutiakuti pofika chaka chakuti, phindu limakafika kumudzi. Malo nawo amavutitsa: mafunde sakhota phiri. Ku Misuku, ku Ntchisi, m'zigwa za ku Rumphi ndi Thyolo, mudzi ukhoza kukhala pafupi ndi nsanja koma uli kuseri kwa phiri, n'kumakwerabe pachulu kusaka netiweki.

Tsono magetsi. Ine ndimaona kuti nkhani ya intaneti yakumudzi, mukaisenda bwinobwino, mkati mwake mupeza nkhani ya magetsi. Kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zinali ndi magetsi, ndipo kumudzi zinali 4 pa 100. Pulogalamu ya MAREP yakhala ikukokera magetsi m'misika yakumidzi, ndipo masola achuluka, komabe mtunda udakalipo. Nsanja yopanda magetsi a ESCOM imayendera jenereta ya dizilo kapena sola ndi mabatire. Dizilo ayenera kunyamulidwa mpaka pamwamba pa phiri. Mafuta akasowa m'dziko, monga zakhalira kawirikawiri kuyambira 2022, nsanja zakutali n'zomwe zimayamba kuzima. Ngakhale zolumikizidwa ku ESCOM sizili pamtendere. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kwa nthawi yoposa chaka, ndipo majenereta a pansanja ankalira maola ambiri tsiku lililonse. Namondwe Freddy mu March 2023 anagwetsa mapolo ndi kudula misewu kum'mwera, pa nthawi yomwe anthu ankafunitsitsa foni kuti aitane thandizo. Onjezanipo akuba. Mabatire, dizilo, masola ndi mawaya zimabedwa pansanja, ndipo wakubayo nthawi zina ndi wa m'dera lomwelo lomwe mawa lake lidzuke lopanda netiweki.

Zonsezi zimagulidwa kunja. Makina a pansanja, faiba, mabatire, ngakhale foni yeniyeniyo, palibe chopangidwa kuno. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chipangizo chilichonse unalumpha, pamene kasitomala akulipirabe makwacha omwewo ofooka. Kampani ikhoza kukhala ndi makwacha ambiri kubanki koma osapeza madola oitanitsira katundu. Njira imodzi yochepetsera mtolowu ndi kugawana nsanja. M'malo moti Airtel imange yake ndi TNM yake paphiri limodzi, nsanja ikhale imodzi, aliyense n'kupachikapo makina ake. Mu 2022 kampani ya Helios Towers inagula nsanja zoposa 700 za Airtel Malawi, ndipo malonda ake ndi omwewo, kubwereketsa malo pansanja kwa aliyense wofuna. Kumudzi kugawana kotere kukhoza kusandutsa nsanja yotayitsa ndalama kukhala yodzilipirira yokha.

Tiyerekeze kuti zonsezi zatheka: nsanja yaima, magetsi alipo, 4G yafika. Anthu ayamba kugwiritsa ntchito? Ambiri ayi. Ofufuza nkhanizi mu Africa muno akhala akupeza kuti anthu okhala komwe netiweki ya intaneti ilipo kale koma osaigwiritsa ntchito ndi ochuluka kuposa okhala komwe kulibiretu. Chopinga choyamba ndi foni. Kafoni kamabatani n'kotsika mtengo, batire lake limakhalitsa, kali ndi tochi ndi wailesi. Foni yaikulu yolowa pa 4G imafuna ndalama zomwe banja lingagulire matumba a chimanga, ndiponso imafuna kutchaja tsiku ndi tsiku, komwe kumudzi n'kolipira, kwa wometa kapena kugolosale ya sola. M'mabanja ambiri foni ikakhala imodzi imakhala m'thumba mwa bambo, mayi n'kumabwereka. Wina kuwerenga kumamuvuta. Wina amawerenga bwino Chichewa kapena Chitumbuka, koma akatsegula intaneti apeza zonse zili m'Chingerezi, ndipo zomwe akufuna, monga mtengo wa soya kumsika wa ku Mitundu kapena mankhwala a mbozi za m'chimanga, sakuzipeza m'chinenero chake. Munthu wotere sangawononge ndalama pa chinthu chosamuyankhula.

Kenako bandulo. Bungwe la Broadband Commission, la pansi pa United Nations, linaika muyezo wakuti intaneti yoyambira isamadye zoposa 2 peresenti ya zomwe munthu amapeza pamwezi. M'dziko lomwe anthu ambiri amapeza zochepa kwambiri, ngakhale bandulo yooneka yotchipa pa dola imapyola muyezowu. Madandaulo ofuna kuti mtengo wa intaneti utsike, otchedwa Data Must Fall, atakula mu 2020, mitengo ina inatsitsidwa, koma vuto la kagulidwe linatsala. Wosauka amagula bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi, yomwe pa megabaiti iliyonse imadula kuposa yaikulu ya mwezi yomwe amagula wolemera, ndipo ikatha nthawi yake zotsala zimapita. Pamwamba pake pali misonkho. Kuyambira 2015 boma limadula msonkho wapadera wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pafoni, kuwonjezera pa VAT. Msonkho wamtunduwu timauzolowera pa mowa ndi fodya, zinthu zomwe boma limafuna kuti anthu azichepetse. Kuuika pa chinthu chomwe boma lomwelo likuti mlimi agulire feteleza n'kudzitsutsa, ndipo amene umamupweteka kwambiri ndi wa bandulo yaing'ono uja.

Nanga boma lachitapo chiyani pa madera omwe makampani sawafuna? Lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lomwe limayendetsedwa ndi MACRA. Maganizo ake ndi osavuta: makampani amapereka kagawo ka zomwe amapeza, ndalamazo n'kukalipira ntchito kumadera osapindulitsa, kaya kumanga nsanja, kaya kuika makompyuta m'sukulu. MACRA inamanganso malo ogwiritsira ntchito makompyuta m'madera a aphungu ndi m'mapositi ofesi, ndipo pambuyo pake inayamba kumanga zipinda zamakompyuta m'sukulu za sekondale. Mu 2017 World Bank inavomereza madola 72.4 miliyoni a pulojekiti ya Digital Malawi, yomwe inalumikiza maofesi a boma, sukulu ndi zipatala, n'kuikanso Wi-Fi yaulere m'malo ena opezekamo anthu ambiri. Bungwe la MAREN limagulira pamodzi intaneti ya mayunivesite ndi makoleji kuti itsike mtengo.

Izi n'zabwino, koma pali matenda amodzi omwe amagwira ntchito zoterezi, kuno ndi kwina komwe. Ndalama zotsegulira zimapezeka. Zoyendetsera sizipezeka. Tsiku lotsegulira kumabwera akuluakulu, magule avinidwa, riboni idulidwa. Pakatha chaka kapena ziwiri mgwirizano wolipira intaneti watha, batire la sola lafa, rauta (kamakina kogawa intaneti) yapsa ndi mphenzi, yemwe anaphunzitsidwa kuyang'anira wasamutsidwa, ndipo makompyuta aphimbidwa ndi nsalu. Ena mwa malo a makompyuta aja anathera momwemo. Pulani iliyonse yolumikiza sukulu kapena chipatala iyenera kunena poyera kuti chaka chachitatu ndi chachinayi adzalipira ndani, kuchokera m'thumba liti. Ngati yankho palibe, ndiye kuti chomwe chikugulidwacho ndi mwambo wotsegulira.

Palinso njira zina zodutsira makilomita otsiriza aja popanda kudikira nsanja ya kampani yaikulu. Imodzi inayesedwa kwathu konkuno. Mu 2013 akatswiri a sayansi ya fizikisi ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste ku Italy, anagwiritsa ntchito mipata yopanda kanthu ya pakati pa mafunde a wailesi yakanema kutumiza intaneti kuchokera mumzinda wa Zomba kupita kumalo monga sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi chipatala cha Pirimiti. Anaonetsa kuti mafunde otsika aja akhoza kunyamula intaneti makilomita ambiri ndi makina ochepa. Malawi anali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuyesa zimenezi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sizinafalikire monga zikanayenera.

Ina ndi yomwe ili pakamwa pa aliyense masiku ano, intaneti ya setilaiti ya Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu July 2023. Masetilaiti akale amakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, choncho uthenga umachedwa popita ndi pobwera. A Starlink amazungulira pa makilomita pafupifupi 550, ndipo alipo zikwizikwi, kotero kuti intaneti yake imathamanga ndipo sisamala kuti muli ku Likoma kapena pakati pa Nyika. Chofunika ndi kambale koyang'ana kumwamba ndi magetsi. Kwa chipatala cha mishoni, malo ogona alendo kapena sukulu yakutali, ichi n'chinthu chomwe zaka khumi zapitazo chinali maloto. Koma mtengo wa kambaleko ndi malipiro a pamwezi si za banja lodalira ganyu, ndipo ndalama zake pamapeto pake zimatuluka m'dziko. Phindu lake lenileni kumudzi lili pogawana: kambale kamodzi pasukulu kapena pamsika, Wi-Fi n'kufalikira kwa anthu ozungulira, aliyense n'kulipira pang'ono. Setilaiti ikhozanso kudyetsa nsanja yaing'ono ya sola komwe faiba singafike.

Kugawana kotereku n'komwe kumatchedwa netiweki ya anthu a m'dera. Ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anthu anapanga kopaletivi ya Zenzeleni yomwe ili ndi makina akeake, imagula intaneti yambiri pamodzi n'kumagulitsa motsika kwa mamembala, phindu n'kutsala m'mudzi. Ku Macha, kum'mwera kwa Zambia, anachitanso zofanana kuyambira pachipatala cha mishoni, n'kuphunzitsa achinyamata a komweko kukonza makina. Kuno MACRA yayamba njira yotere kudzera m'makopaletivi pansi pa dzina lakuti Yathu Yathu Data. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa zambiri, chifukwa Amalawi kuyendetsa zinthu pagulu timakudziwa kale: makomiti a mijigo, mabanki a m'mudzi, makalabu a alimi. Chinthu chomwe anthu akuchiona kuti n'chawo amachilondera, ndipo batire lake silibedwa wamba. Koma kuti chikhalitse pafunika chiphaso chosavuta kupeza ndi chosadula, ufulu wogula intaneti pa faiba ya boma ija pa mtengo wa pikulitsa, ndi kasitomala mmodzi wodalirika wolipira mwezi uliwonse. Kasitomala ameneyo alipo kale m'dera lililonse: sukulu, chipatala chaching'ono, ofesi ya alangizi a zaulimi, polisi. Boma likamalipira intaneti ya malo amenewa mokhulupirika, ndalamazo zimanyamula mtengo waukulu wa makina, ndipo anthu ozungulira amangowonjezera pang'ono.

Chotsala ndi anthu okonza. Rauta ikafa ku Chitipa, sizoona kuti katswiri achoke ku Lilongwe, ulendo wa tsiku lathunthu, kudzasintha kawaya kamodzi. M'misika yonse yakumidzi muli kale anyamata ndi atsikana okonza mafoni ndi oika masola, omwe anaphunzira okha pongoyang'ana. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera, omwe ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA, akhoza kuwaphunzitsa kulumikiza faiba, kuloza kambale, kuika waya woteteza ku mphenzi ndi kusamala mabatire, maphunziro a miyezi yochepa okhala ndi satifiketi. Ndipo mgwirizano uliwonse womwe khonsolo kapena unduna ukusaina wolumikiza sukulu uzikhala ndi dzina la wokonza wa m'boma lomwelo, malipiro ake, ndi masiku omwe ayenera kukhala atafika chinthu chikawonongeka.